Nkhalamba Zobisa Zithunzi

Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma nkhalamba yolowa m'nyumba yosungiramo okalamba ku England si mlendo. Yafika pomwe idzatsirizire masiku ake. N'chifukwa chake n'zomvetsa chisoni kuti ena mwa amuna okonda amuna anzawo, ndi akazi okonda akazi anzawo, akafika m'nyumbazi amatsekera m'sutikesi chithunzi cha munthu amene adakhala naye zaka 40. Akafunsidwa amangoti, "Adali mnzanga chabe."

Manthawa ali ndi gwero lake. Mwamuna wobadwa mu 1940 adali ndi zaka 27 pamene England ndi Wales adafewetsa lamulo mu 1967. Asanatero, amuna otere ankatsekeredwa m'ndende. Alan Turing, katswiri wa masamu uja, adapezeka wolakwa mu 1952. Ena ankawapweteka ndi magetsi m'zipatala, ati kuwachiritsa. Akazi lamulo silinkawamanga, komabe ambiri makhoti adawalanda ana. Bungwe la World Health Organization lidachotsa khalidweli pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo ukwati wawo udaloledwa ku England mu 2014, imvi zitamera kale. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe.

Chowawitsa n'chakuti ambiri alibe ana owayendera, ndipo abale adawataya kalekale. Amene adawasandutsa abale ndi anzawo a msinkhu umodzi, omwenso akuyendera ndodo. Zitero, nkhalamba imatsala m'manja mwa wantchito woisambitsa ndi kuidyetsa. Munthu amene sangathe kudzuka yekha pakama salimbana ndi womudzutsa. Amasankha kukhala chete.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe amene akugwira ntchito m'nyumbazi, ena atakulira m'mipingo ndi m'midzi momwe za chikondi chotere sizitchulidwa n'komwe. Palibe akuwalamula kusiya chikhulupiriro chawo. Koma lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa tsankho pa chisamaliro, ndipo mwambo wa kumudzi udalitsogolera kale lamulolo: mwana woleredwa bwino safunsa mbiri ya gogo asanamupatse madzi. Kupempherera nkhalamba mokakamiza kuti "isinthe" pamene ili maliseche m'bafa ndi nkhanza, ngakhale wochitayo aziyesa chifundo.

Bungwe la Tonic Housing lidatsegula nyumba za okalamba otere ku London mu 2021. Ndi chinthu chabwino, koma zipinda zake n'zochepa, ndipo ochuluka adzakalambira m'nyumba wamba. Kumeneko zofunika n'zazing'ono: kufunsa kuti "Wapamtima wanu ndani?" m'malo mwa "Akazi anu ali kuti?", ndi kulola mnzakeyo kukhala pambali pa kama tsiku lomaliza.

Pali ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amabwezera munthu ku unyamata wake. Nkhalamba ina imadzidzimuka usiku poganiza kuti apolisi afika. Ina imaitana dzina la mwamuna amene palibe adamulemba m'mabuku a nyumbayo. Wantchito wodziwa mwini dzinalo amatulutsa chithunzi chija m'sutikesi n'kuchiika patebulo.