Nyama ya M'chitini Singafanane ndi Nyama Yatsopano

Pali chikhulupiriro chimene chafala pakati pa ogula chakuti nyama yopera yotsekeredwa m'chitini, monga ya Spam, imapatsa thanzi mofanana ndi nyama yogula kubutchala, ndipo ochirikiza maganizowa amakonda kukumbutsa kuti chakudyachi chinadyetsa asilikali pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse. Mbiriyo ndi yoona, koma mfundo imene anthu amatengapo ndi yolakwika, ndipo umboni wotsutsa mfundoyo unalembedwa pachitini chomwecho.

Kampani ya Hormel ya mumzinda wa Austin, m'chigawo cha Minnesota ku America, inayamba kugulitsa Spam mu 1937, ndipo nkhondo itabuka zitini zankhaninkhani zinatumizidwa kwa asilikali a America komanso ku Britain ndi Soviet Union. Nyamayi imaphikidwa ili kale m'chitini chotseka, motero imatha zaka osawonongeka popanda firiji, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linaichititsa kukhala yoyenera kunkhondo. Anthu a ku Hawaii, Guam, Philippines ndi South Korea anaizolowera chifukwa cha asilikali a America amene ankakhala kumeneko. Kutchuka kwake kunachokera pa kusawola msanga, ndipo kusawola ndi nkhani yosiyana ndi kupatsa thanzi.

Malinga ndi zolembedwa pachitini cha magalamu 340, gawo limodzi la magalamu 56 lili ndi makalori 180, omwe ndi muyeso wa mphamvu yochokera m'chakudya, mafuta okwana magalamu 16 ndi mapuloteni, omwe ndi zakudya zomanga thupi, okwana magalamu 7 okha. Popeza galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, mafutawo amapereka makalori 144, kutanthauza kuti magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu ya m'nyamayi amachokera ku mafuta. Chidale cha nkhuku chophika cholemera chimodzimodzi chimakhala ndi mapuloteni opitirira kuwirikiza kawiri, ndipo dzira limodzi lokha limapereka pafupifupi magalamu 6.

Nkhani ya mchere ndi yodetsa nkhawa kwambiri. Gawo lomwelo la magalamu 56 lili ndi mamiligalamu 790 a sodiyamu, chinthu cha mumchere chimene chikachuluka m'thupi chimakweza kuthamanga kwa magazi, pamene bungwe la World Health Organization, loona zaumoyo padziko lonse, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 patsiku, omwe ndi ofanana ndi magalamu 5 a mchere. Tizidutswa tiwiri tokwana gawo limeneli tokazinga pachakudya cham'mawa timatha pafupifupi magawo 40 pa 100 a muyesowo munthu asanadye ndiwo zamasana, ndipo chitini chonse, chomwe chili ndi magawo asanu ndi limodzi, chimafika mamiligalamu 4,740.

Mtundu wofiirira umene nyamayi imakhala nawo ikatuluka m'chitini umabwera ndi mankhwala a sodium nitrite, amene amathiridwa kuti aletse tizilombo ta Clostridium botulinum totulutsa poizoni woopsa. Mu Okutobala 2015, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa yotchedwa IARC, ya mumzinda wa Lyon ku France, inaika nyama zonse zokonzedwa ndi mchere, utsi kapena mankhwala otere m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo inanena kuti kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo aakulu ndi pafupifupi magawo 18 pa 100. Gululi limasonyeza kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi, choncho amene amati nyamayi ndi yoopsa ngati fodya nawonso amapitirira malire.

Nyama ya m'chitini ili ndi malo ake, makamaka pa ulendo, pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ndiponso kumene kulibe firiji, ndipo kuidya mwa apo ndi apo sikuvulaza munthu wathanzi. Cholakwika ndi kuiyesa ndiwo ya tsiku ndi tsiku yokulitsira ana kapena yodyetsa munthu wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, pamene mazira, nyemba, nsomba ndi nkhuku zimapereka mapuloteni popanda mchere wochuluka chotere. Wogula aliyense ayenera kutembenuza chitini ndi kuwerenga kuchuluka kwa sodiyamu, mafuta ndi mapuloteni asanatulutse ndalama.