Ndalama za Kafukufuku ndi Matenda Ogwira Anthu Ochepa

Matenda amatchedwa osowa potengera chiwerengero cha odwala. Ku United States lamulo la Orphan Drug Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1983, limaika m'gululi matenda ogwira anthu osakwana 200,000 m'dzikolo, pomwe ku European Union malire ake ndi anthu 5 pa 10,000 alionse. Matenda otere alipo pafupifupi 7,000, ambiri ochokera ku chibadwa, ndipo onse pamodzi amakhudza anthu pafupifupi 300 miliyoni. Mwa matenda 100 alionse, oposa 90 alibe mankhwala ovomerezeka.

Amene amakayikira kafukufuku wa matendawa ali ndi mfundo yolemera. Ndalama n'zochepa, pomwe malungo, chifuwa chachikulu ndi chibayo zimapulula anthu chaka ndi chaka. Komanso lamulo la 1983 limalola kampani kugulitsa mankhwala ake zaka 7 popanda wopikisana nayo, ndipo zipatso zake zimaoneka pa mitengo. Zolgensma, mankhwala a matenda ofoola minofu ya makanda, anatuluka mu 2019 pa madola 2.1 miliyoni. Casgevy, wa sickle cell, anavomerezedwa mu 2023 pa madola 2.2 miliyoni, chonsecho ana ambiri obadwa ndi matendawa ali ku Africa, komwe sickle cell si wosowa n'komwe.

Mbali inayo imayankha kuti matenda osowa nthawi zambiri amaulula momwe thupi la aliyense limagwirira ntchito. Michael Brown ndi Joseph Goldstein anafufuza maselo a odwala obadwa ndi cholesterol wochuluka modabwitsa, napeza njira yomwe maselo amachotsera mafutawa m'magazi. Analandira mphoto ya Nobel mu 1985, ndipo zomwe anapezazo zimafotokoza mphamvu ya ma statin, mankhwala ochepetsa cholesterol omwe lero amamwedwa ndi anthu mamiliyoni. Khansa ya ana yomwe Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, yosowa ku Ulaya koma yodziwika bwino m'zipatala za ku Malawi, ndiyo inaulula kachirombo ka Epstein-Barr mu 1964.

Matenda a mafuta a m'thupi amaonetsa vuto lina losakhudza mtengo: kusazindikiridwa. Lipedema anafotokozedwa mu 1940 ndi madokotala Edgar Allen ndi Edgar Hines a ku Mayo Clinic. Amagwira amayi, kawirikawiri akatha msinkhu, akaima kapena akasiya kusamba. Miyendo yonse iwiri imakula mofanana kuchokera m'chiuno mpaka m'akakolo, koma mapazi amatsala momwe analili, moti pa kakolo pamaoneka ngati pamangidwa chingwe. Mafutawo amapweteka munthu akawagwira, khungu limachita mikwingwirima msanga, ndipo kuchepetsa chakudya kumaondetsa kumtunda kokha. Kwa zaka zambirimbiri odwala ankangouzidwa kuti anenepa, adye pang'ono. Bungwe la WHO linapatsa matendawa nambala yawoyawo m'buku la matenda la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, patapita zaka 82. Matenda opanda nambala salowa m'kaundula, ndipo opereka ndalama amayang'ana kaundulayo. N'chifukwa chake akatswiri ena amati lipedema mwina si wosowa, koma kuti sanawerengedwe.

Khansa ya m'mawere ya abambo ndi yosowadi: pa odwala khansayi 100, mwamuna amakhala mmodzi kapena osakwana. Imayamba ngati kachotupa kolimba, kosapweteka, kuseri kwa nsonga ya bere, ndipo popeza ambiri sadziwa kuti mwamuna angadwale matendawa, amafika kuchipatala mochedwa. Kusokonekera kwa jini ya BRCA2 kumawonjezera chiopsezo. Kwa nthawi yaitali abambo kawirikawiri sankaloledwa m'kafukufuku woyesa mankhwala a khansayi, kotero madokotala ankawapatsa tamoxifen potengera zomwe zinapezeka mwa amayi.

Apa mkangano wa ndalama umachepa mphamvu, chifukwa chosowekacho sichinali chodula. Mu 2019 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku United States, linavomereza mankhwala a palbociclib kwa abambo potengera makamaka zolembedwa m'mafayilo a odwala, ndipo mu 2020 linalangiza makampani kuti asamasiye abambo popanda chifukwa chomveka. Njira ya mafayiloyi ili ndi chofooka chake: odwala sanagawidwe m'magulu mwachisawawa, ndiye umboni wake sufika pa wa kafukufuku weniweni. Koma pomwe odwala ndi ochepa kwambiri, kudikira kafukufuku wa anthu zikwizikwi kukanasiya abambowa opanda chilolezo cha mankhwalawo kwa zaka zina zambiri.