Mapointsi Ndiwo Khomo la Uinjiniya

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Geredi 12 zikatuluka, makolo a kumidzi afunsa funso limodzi: kodi mwana wapeza mapointsi angati? Funsoli lilemera makamaka kwa ana ofuna kuphunzira uinjiniya pa University of Zambia mu Lusaka kapena pa Copperbelt University ku Kitwe, pakuti malo ndi ocepa koma owafuna ndi ambiri.

Bungwe la Examinations Council of Zambia lipereka nambala kuyambira 1 kufikira 9 pa phunziro lililonse. Nambala 1 ndiyo yopambana, 9 ndi kulephera. Mwa cizolowezi, powerenga mapointsi aphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza koposa, motero wopeza 6 ndiye wacita bwino kotheratu. Koma wofuna uinjiniya ayenera kulimba pa masamu, sayansi ndi Cingelezi. Maphunziro ena sangamuombole.

Alipo anthu onena kuti muyeso umenewu upondereza mwana wa mlimi. Dandaulo lao lili ndi maziko. Mwana wowerengera pa koloboyi, amene sanagwirepo zipangizo za sayansi, alemba pepala limodzimodzi ndi mnzace wa m'tauni. Ngakhale ziri tero, kutaya mayeso si mankhwala ai.

Phunziro licokera ku America. Sukulu yochuka ya uinjiniya ya MIT inaleka kufunsa zotsatira za mayeso a SAT ndi ACT m'caka ca 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19. M'mwezi wa March 2022 inalengeza kuti yabwezeretsa lamulolo. Akuluakulu a sukuluyo anafotokoza kuti zotsatira za masamu zithandiza kudziwa amene angapirire maphunziro ovutawo, ndiponso kuzindikira ana anzeru ocokera ku masukulu osauka, amene alibe njira ina yoonetsera luso lao.

Mau amenewa ndi oona kuno kwathunso. Pakasowa sikelo, pamalowa cibale ndi ndalama, ndipo mwana wa mlimi alibe womulankhulira. Mapointsi safunsa dzina la atate ace.

Tsono cofunika ndico kukonza masukulu. M'caka ca 2022 Boma linayambitsa maphunziro aulere ndi kulemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Imeneyi ndi nchito yabwino, koma yatsala ina: aphunzitsi a masamu ndi sayansi afike ndi kukhazikika kumidzi, ndipo makomiti a CDF aike zipinda zoyeseramo sayansi patsogolo.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Mwana asajombe ku sukulu cifukwa ca kupalira kapena kuweta ng'ombe, ndipo mtsikana apatsidwe nthawi ya kuwerenga monga mnyamata. M'mera mpoyamba: masamu otayika m'makalasi oyamba sapezeka pa tsiku la mayeso. Migodi, milatho ndi magetsi a dziko lino zifuna mainjiniya, ndipo ena a iwo ali m'midzi lero lino.