Dzina la chakudya lisiyeni m'Chidatchi, tiuzeni zomwe zili m'mbale

Mlendo amene wakhala pansi m'lesitilanti mumzinda wa Amsterdam n'kutsegula menyu ya Chingerezi akhoza kukayikira ngati ophika ali bwinobwino. Pepala likumuitanira mipira yowawa, mbalame yakhungu ndi khofi wolakwika. Chowawa palibe, mbalame palibe, ndipo khofiyo sanalakwe kanthu. Wina wangotenga maina atatu a Chidatchi, bitterballen, blinde vink ndi koffie verkeerd, n'kuwakankhira m'Chingerezi liwu ndi liwu. Koffie verkeerd ndi khofi wa mkaka wambiri basi, pamene blinde vink ndi nyama yogaya yokulungidwa m'kachidutswa kopyapyala ka nyama ya ng'ombe.

Chodabwitsa n'chakuti Adatchi si anthu osadziwa Chingerezi. Kafukufuku wa EF English Proficiency Index wakhala akuika dziko la Netherlands patsogolo kwa zaka zingapo zotsatizana pakati pa maiko amene Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho. Iwo eni ali ndi dzina lonyogodola Chingerezi chothyokathyoka, steenkolenengels, Chingerezi cha malasha, chimene anthu onyamula katundu padoko ankalankhula ndi amalinyero a sitima za malasha zochokera ku Britain. Ndiye vuto silili pa sukulu. Lili pa ulesi wa eni malo odyera, komanso kamanyazi kena koona ngati chakudya chawo n'chosayenera kutchedwa ndi dzina lake pamaso pa alendo.

Bitterballen ndi chitsanzo chabwino. Amaphika msuzi wokhuthala wa nyama ya ng'ombe, batala ndi ufa wa tirigu, amauziziritsa mpaka uume, amaumba timipira, amatigubuduza m'nyenyeswa za buledi n'kutikazinga m'mafuta ambiri. Dzinalo linachokera ku mowa waukali wa zitsamba, bittertje, umene anthu ankamwa akudya timipirati. Kulemba kuti "bitter balls" n'kunama. Kulemba kuti "meatballs", monga ena amachitira pofuna kuthawa vutolo, n'kunamanso, chifukwa mlendo amaluma akuyembekezera nyama yolimba, m'malo mwake msuzi wotentha umamuwotcha lilime. Aliyense amene anaonapo nsima italembedwa kuti phala pamenyu ya hotela akudziwa mmene bodza lotere limapwetekera.

Pali maina ena oti ngakhale katswiri sangawamasulire osaseketsa anthu. Uitsmijter ndi buledi wokhala ndi mazira okazinga, hamu ndi tchizi pamwamba, koma liwulo limatanthauza baunsa, munthu wotulutsa zidakwa m'bala. Kapsalon ndi tchipisi, nyama ya shawarma, tchizi cha Gouda chosungunuka ndi saladi m'kambale ka aluminiyamu. Tanthauzo lake ndi malo okonzera tsitsi, chifukwa chakudyachi chinayamba mu 2003 ku Rotterdam, pamene wometa tsitsi wina wochokera ku Cape Verde ankachiitanitsa kawirikawiri kumalo ogulitsa shawarma apafupi, mpaka dzina la ntchito yake linakakamira pambalepo.

Nkhani imasiya kuseketsa ikafika pa thanzi. Filet americain imamveka ngati nyama yootcha ya ku America, koma ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi, yogaya, yopaka pabuledi. Bungwe la Voedingscentrum, lolangiza Adatchi za kadyedwe, limachenjeza amayi oyembekezera kuti asadye. Ossenworst, soseji yotchuka ya mu Amsterdam, nayonso ndi yaiwisi, ndipo kuitcha soseji ya ng'ombe n'kubisa mfundo yokhayo imene wodya amafunika kuidziwa. Patatje oorlog, titchipisi ta nkhondo, timabwera ndi mayonezi, anyezi ndi msuzi wa mtedza, ndipo pali anthu amene mtedza umawatsekera kukhosi mpaka kuchipatala. Slavink imakulungidwa m'nyama ya nkhumba, chinthu chimene Msilamu, Myuda kapena wa Seventh-day Adventist sangachidziwe pongoyang'ana dzina. Lamulo la European Union la nambala 1169/2011, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 13 December 2014, limakakamiza malo odyera kupereka uthenga wa zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, monga mtedza, mazira, mkaka ndi tirigu. Koma nyama ya nkhumba mulibe pamndandandawo, ndipo uwisi wa nyama si nkhani ya zinthu 14 zija. Apa mlendo amadalira mzere umodzi wa pamenyu, ndipo mzerewo ukakhala nthabwala, wasiyidwa yekha.

Ena amati alendo amathawa dzina limene sangathe kulitchula. Ndani anathawapo sushi, gnocchi kapena croissant? Ataliyana sanamasulire pizza, ndipo dziko lonse linaphunzira liwulo ndi pakamwa. Ku South Africa, kumene Chiafrikaans chinaphuka kuchokera ku Chidatchi cha anthu amene anafika ku Cape mu 1652, palibe amene amavutika kumasulira boerewors kapena koeksister. Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg amagula boerewors ndi dzina lake lomwelo. Adatchi eni akewo amalemba nasi goreng, bami ndi saté osasintha, zakudya zochokera ku Indonesia, dziko limene analilamulira mpaka pamene anavomereza ufulu wake mu 1949. Ulemu umene amapereka ku mpunga wa ku Java amaumana mbatata yawo.

Ndipo mbatatayo ili ndi mbiri. Hutspot, kachewere wosinja pamodzi ndi karoti ndi anyezi, amadyedwa ku Leiden pa 3 October chaka chilichonse pokumbukira tsiku la mu 1574 limene asilikali a Spain anasiya kuzinga mzindawo. Nthano imati anthu anjala a mumzindawo anapeza mphika wa chakudya m'msasa umene adani anathawamo. Menyu imene imalemba kuti "mashed potatoes" imataya zonsezi, ndiponso imasakaniza hutspot ndi boerenkool, zuurkool ndi mitundu ina ya stamppot (kachewere wosinja pamodzi ndi ndiwo zamasamba) ngati kuti ndi mbale imodzi.

Chofunika si chodula. Dzina la Chidatchi likhale pamwamba monga momwe lilili, pansi pake pakhale mawu ochepa a Chingerezi onena nyama yake, kaphikidwe kake, komanso ngati ndi yaiwisi kapena muli mtedza. Mu 2021 khonsolo ya Amsterdam inaika malire akuti mausiku ogona alendo asapitirire 20 miliyoni pachaka, ndipo chiwerengerocho chinadumphidwa kale. Malo odyera amene akulandira khamu lotere sangadandaule kuti alibe ndalama yolipira womasulira wodziwa za kukhitchini kwa tsiku limodzi.