Windows kapena Linux: chisankho chomwe chikudikira maofesi a ku Karonga

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idasiya kutumiza ma update aulere a chitetezo ku makompyuta oyendera Windows 10. Palibe kompyuta yomwe idazima tsikulo. M'maofesi a ma agent othandiza amalonda kulipira msonkho wa katundu pachipata cha Songwe, m'mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata pa Karonga boma, ngakhalenso m'maofesi a magulu a alimi a mpunga ku Kaporo ndi ku Hara, makina adayaka m'mawa mwake monga mwa masiku onse. Chidasintha n'chosaoneka ndi maso: bowo lililonse lomwe mbava za pa intaneti zingapeze mu Windows 10 silidzatsekedwanso, pokhapokha mwini kompyuta atalowa m'ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Tsiku lomwelo, Office 2016 ndi Office 2019 nazonso zidasiyidwa.

Malangizo a Microsoft ndi oti anthu asamukire ku Windows 11. Vuto n'lakuti Windows 11 imasankha makina. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, yomwe kumbali ya Intel ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kutanthauza makina opangidwa kuyambira cha m'ma 2017. Makompyuta ambiri omwe amafika m'maboma ndi a kaunjika, omwe maofesi a kunja adatopa nawo, ndipo ena ndi akale kuposa pamenepo. Kugula atsopano n'kovuta m'dziko lomwe ndalama yake idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo ndalama zakunja zikusowabe.

Apa m'pomwe Linux, mdani wakalekale wa Windows, ikutchulidwanso. Iyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta monga Windows yomwe, koma ndi yaulere ndipo aliyense wodziwa angathe kuona momwe idalembedwera. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004. Dzinali ndi lija lomwe kuno limatchedwa umunthu. Ubuntu ya mtundu wa LTS imalandira ma update a chitetezo kwa zaka zisanu popanda kulipira, ndipo imayenda pa makina omwe Windows 11 imawakana. Pa iyo pamakhala LibreOffice, yomwe imatsekula ndi kulemba mafayilo a Word ndi Excel.

Mapulogalamu otere si alendo m'dziko muno. Makina osungira mbiri ya odwala omwe bungwe la Baobab Health lidayamba kuika pachipatala cha Kamuzu Central mu 2001 adamangidwa pa mapulogalamu aulere, kuphatikizapo Linux. Ziwerengero zomwe zipatala za m'maboma zimatumiza ku Unduna wa Zaumoyo zimadutsa mu DHIS2, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya Oslo.

Okonda Linux amati ndi yotetezeka kuposa Windows, ndipo mbali ina akunena zoona. Mavairasi ambiri omwe amayenda pa mafulashi, aja amabisa mafayilo a munthu akangopita kukasindikiza kalata, adalembedwa kuti azigwira Windows, poti ndiyo ili pa makompyuta ochuluka. Pa Linux, mapulogalamu amatengedwa kunkhokwe imodzi yodalirika, ndipo palibe chachikulu chomwe chingasinthidwe popanda pasiwedi ya woyang'anira. Komabe mu Malichi 2024 zidadziwika kuti munthu wina adatha zaka akudzionetsa ngati wothandiza pa kapulogalamu ka Linux kotchedwa XZ Utils, kenako n'kubisamo khomo lolowera mwakuba. Adatulukira chiwembucho chisadafalikire ndi Andres Freund, katswiri wogwira ntchito ku Microsoft komweko.

Windows yeniyeni, yolipiridwa ndi yolandira ma update, si yofooka monga ena amanenera. Ili ndi Defender yolimbana ndi mavairasi, komanso BitLocker yomwe imatseka zonse za mu kompyuta ngati yabedwa. Pomwe vairasi ya WannaCry idasokoneza zipatala za ku England ndi makompyuta a m'maiko oposa 150 mu Meyi 2017, Microsoft idali itatulutsa kale chotsekera bowolo mu Malichi. Omwe adavulala ndi omwe sadachiike. Nthawi zina mlonda ndiye amagwetsa nyumba: pa 19 Julayi 2024, update yolakwika ya kampani ya chitetezo ya CrowdStrike idaimitsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege ndi mabanki zidaima.

Koma mpikisano womwe uli ku Karonga si wa Windows yoteroyo. Kompyuta ya kaunjika nthawi zambiri imabwera ndi Windows ndi Office zokopera, zomwe wokonza makina adazitsekula ndi kapulogalamu kobera laisensi. Kapulogalamu kameneko sikagwira ntchito Defender ili maso, choncho wokonzayo amayamba waithimitsa. Ma update nawo amatsekedwa, mwina poopa kuti bandulo itha, mwina poopa kuti Microsoft izindikira. M'kompyuta yotereyi ndi momwe mumasungidwa mayina a mamembala a gulu, manambala a ziphaso zaunzika, ngongole za makasitomala ndi mapasiwedi a ku banki. Poyerekeza ndi imeneyo, Ubuntu yolandira ma update ili patali kwambiri pa chitetezo, ndipo palibe lamulo lomwe yaphwanya.

Pomwe Linux imagonja ndi pa mapulogalamu a bizinesi. Sage Pastel ndi QuickBooks zoika pa kompyuta, zomwe akauntanti ambiri m'dziko muno adaphunzira, zilibe mtundu wa Linux. CorelDRAW ndi Photoshop, zomwe osindikiza makadi a ukwati ndi zikwangwani amadyera, n'chimodzimodzi. Fayilo ya Excel yokhala ndi ma macro imatha kusokonekera mu LibreOffice, ndipo pulinta ina imakana. Zilipo zolowa m'malo monga GnuCash ndi Odoo, koma wowerengera mabuku akafika kumapeto kwa chaka amafuna zomwe adazolowera. Mitundu ya pa intaneti ya mapulogalamuwa imayenda pa kompyuta iliyonse, komano imafuna netiweki yosadukaduka ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, kawirikawiri m'ndalama zakunja.

Palinso nkhani ya wokonza. Windows ikavuta, wodziwa amapezeka pamsika pomwepo. Linux ikavuta, thandizo likhoza kukhala ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 200 kudzera m'mapiri a Chiweta. Ngakhale mzinda wolemera wa Munich ku Germany, womwe udasamutsira maofesi ake ku Linux, khonsolo yake idavota mu 2017 kuti ibwerere ku Windows, ngakhale kuti chigawo cha Schleswig-Holstein m'dziko lomwelo chidalengeza mu 2024 kuti chikusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux.

Mbiri ya dziko lino ikusonyeza kuti ngozi zazikulu sizidabwere chifukwa cha dzina la pulogalamu. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, makina a boma oyendetsera ndalama a IFMIS ankayendera pulogalamu yogula ya Epicor. Anthu okhala ndi chilolezo cholowa m'makinawo ankalemba malipiro, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zomwe adalemba. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Boma lidasamukira ku pulogalamu ya SAP, koma funso loti ndani ali ndi mphamvu yofufuta, nanga ndani akumuona, silitha ndi kusintha kampani.

Nkhani ya ziphaso zoyendera ndi yomwe boma la m'malire ngati Karonga silingaiwale msanga. Kusindikiza mapasipoti kudaima mu Januwale 2024, ndipo mwezi wotsatira yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka adalandidwa ndi mbava zomwe zinkafuna dipo. Mabungwe ena adatsutsa, ponena kuti gwero lake ndi kusamvana kwa boma ndi kampani ya Techno Brain, yomwe mgwirizano wake wa madola 60.8 miliyoni udathetsedwa mu Disembala 2021. Kaya zoona zili mbali iti, boma lidalephera kwa masabata angapo kugwiritsa ntchito makina osunga mbiri ya nzika zake, ndipo amalonda odalira ulendo wa ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam adadikira nawo.

Kwa ofesi yaing'ono, nzeru ikuoneka kuti ili pogawa ntchito. Makina akale omwe ntchito yake ndi kutayipa, kutumiza maimelo ndi kulowa pa Msonkho Online ya MRA angathe kuikidwa Linux n'kutumikira zaka zina. Ndalama zochepa zomwe zilipo zipite ku kompyuta imodzi ya Windows 11 yokhala ndi laisensi, yosungira mabuku a ndalama, aliyense wogwira nayo ntchito akhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo kope la mabukuwo lizisungidwa pa chipangizo china chosalumikizidwa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, limapereka udindo kwa wosunga zinsinsizo, posatengera kuti makina ake adawaika ndani.

Ofuna kukakamira Windows 10 ali ndi njira yogula nthawi. Kompyuta ya munthu payekha ingalandire ma update mpaka pa 13 Okutobala 2026. Makampani ndi mabungwe amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengo umawirikiza kawiri chaka chilichonse, ndipo ndondomekoyi idzatsekedwa mu 2028.