Mpunga ndi nkhuku za pa Khirisimasi tizikonzeretu pokolola

Kuno ku nyanja ya Chilwa, Khirisimasi yopanda mpunga ndi nkhuku ana saiwerengera. Nsima ya matemba kapena mlamba wa ku Kachulu ndi ya masiku onse, koma pa 25 Disembala m'nyumba muyenera kununkhira faya. Mwambowu ndi wabwino, tisautaye.

Chomvetsa chisoni n'chakuti alimi omwe amalima mpungawo pa sikimu ya Likangala ndi m'madambo ndi omwenso amakaugula pa msika wa Jali. Mu Juni mavenda akabwera ndi masikelo, ambiri amagulitsa wonse pa mtengo wolira. Pofika Disembala mtengo wakwera, nkhokwe zapepuka, ndalama zathera ku feteleza. Ena mpaka amatenga katapila chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi.

Alimi anzanga, pokolola patulani thumba limodzi la mpunga wouma bwino. Musungeni wosapuntha, pamalo osafika chinyezi ndi makoswe, pakuti wosapuntha sufumbwa msanga.

Nazo nkhuku zimatha ndi chitopa m'miyezi yotentha, chikondwerero chisanafike. Matendawa alibe mankhwala ochiza, koma katemera alipo. Wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, miyezi inayi iliyonse. Gwirizanani m'mudzi, muitane alangizi a ziweto mu Julayi nkhuku zisanayambe kufooka.

Mukatero, tambala wa pa Khirisimasi adzachokera m'khola mwanu, ndipo ndalama ya fizi mu Januwale idzakhalapo.