Woweta Ndife, Nanga Mtengo Atchuliranji Wina?

Alimi anzathu, amayi ndi abambo a m'makalabu a ku Songwe, Iponga, Kaporo ndi madera onse a kwa Mwakaboko ndi kwa Kilupula, pali funso limene takhala tikulizemba kwa nthawi yaitali. Ng'ombe timaweta ndife. Timaithawitsa madzi mtsinje wa Songwe ukasefukira, timaigulira mankhwala a nkhupakupa, ndipo usiku timagona khutu lili kukhola poopa akuba. Zaka zinayi kapena zisanu zimatha tili pa ntchito imeneyi. Nanga zimatheka bwanji kuti pa tsiku logulitsa, munthu amene sanaipatseko ndi madzi omwe ndiye atchule mtengo, ife n'kungovomera?

Tonse tikudziwa mmene malondawa amayendera. Venda sabwera tsiku lililonse. Amadikira miyezi ya January ndi February pamene nkhokwe zapepuka, kapena sabata yotsegulira sukulu pamene mwana wakhala pakhonde kudikira fizi, kapenanso pamene pakhomo pagwa zovuta. Sikelo sabwera nayo. Amazungulira ng'ombe kawiri, kuisisita pamsana, n'kupukusa mutu kuti yaonda. Taganizani: feteleza timagula pa kilogalamu, shuga pa kilogalamu, ngakhale nyama ya ng'ombe yathu yomweyo ikafika pa butchala imagulitsidwa pa kilogalamu. Chiweto cha mlimi chokha ndicho chimagulidwa ndi maso, ndipo masowo ndi a wogula.

Tiwerengere limodzi

Ng'ombe ikaphedwa, n'kuchotsa chikopa, mutu, miyendo ndi zam'kati, nyama yotsala pamodzi ndi mafupa imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili moyo. Ndiye kuti ng'ombe ya makilogalamu 250 imatulutsa nyama yokwana makilogalamu pafupifupi 125. Mbuzi imatulutsa kuchepera pang'ono pa theka, pomwe nkhumba imapereka makilogalamu pafupifupi 70 pa makilogalamu 100 alionse.

Tsopano chitani izi nokha. Pitani pa butchala iliyonse pa Karonga boma, funsani mtengo wa kilogalamu imodzi lero, muchulukitse ndi 125. Pamwamba pake onjezani chiwindi, matumbo, mapapo, mtima, mutu, mang'ina ndi chikopa, pakuti zonsezi zimagulitsidwa pazokha. Kenaka chotsani za mayendedwe, za pophera ndi za woyeza nyama. Chotsalacho muchiyerekeze ndi ndalama imene munalandira pakhola. Kusiyana kumene mupezeko ndi thukuta lanu.

Sitikunena kuti venda aliyense ndi wakuba. Naye amalipira galimoto, nthawi zina chiweto chimamufera panjira, ndipo ali ndi ana oti awadyetse. Koma mphamvu yake yaikulu sili m'thumba mwake ayi. Ili pa zinthu ziwiri zimene iye amadziwa, ife osazidziwa: amadziwa wogula, ndipo amadziwa mtengo wa lero. Ife takhala tikumvera za kumsika kudzera pakamwa pa munthu amene amapindula tikapanda kudziwa zoona. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chimene foni yasintha

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Lero ndalama imachoka ku Lilongwe n'kufika pa Songwe madzi a tiyi asanawire. Pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu akugulitsa zitenje, mpunga, usipa ndi nsapato. Choletsa nyama yathu n'chiyani?

Ogula sali kutali. Kuchoka pa chipata cha Songwe kufika pa Karonga boma ndi makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa M1. Pamenepo pali aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'maofesi, malesitilanti ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Pa chipata pomwe pali amayi ophika mbalagha ndi owotcha nyama amene amadyetsa madalaivala a mathiraki. Mgodi wa Kayelekera, womwe unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, unayambiranso ntchito mu 2025, ndipo ogwira ntchito kumeneko nawo amadya. Palinso ana athu amene ali ku Mzuzu, Blantyre ngakhale ku Johannesburg, amene amafuna mbuzi ifike kwa makolo awo pa Khirisimasi, pa ukwati kapena pa maliro. Onsewa ali ndi foni.

Chimene chakhala chikutiopsa kupha tokha n'chodziwika. Kuno kunyanja kumatentha, makamaka mu October ndi November. Nyama yophedwa m'mawa ikafika madzulo isanathe imayamba kusintha, ndipo mwini wake amaigulitsa motaya kapena pa ngongole zosabwezedwa. Firiji tilibe, ndipo kumene ilipo magetsi sadalirika. Apa ndi pamene foni ikugwira ntchito yake yeniyeni: ikutilola kugulitsa nyama ng'ombe idakali kudya msipu.

Njira yake nayi. Kalabu isankha tsiku, tinene Loweruka. Lolemba mlembi aika uthenga pa gulu la ogula: chithunzi cha ng'ombe, mtengo wa kilogalamu, malo ndi nthawi yolandirira. Ogula alembetsa, wina makilogalamu awiri, wina asanu, wa lesitilanti makumi awiri, aliyense n'kutumiza gawo la ndalama pa nambala ya kalabu. Nyama ikapanda kukwana ogula, ng'ombe sikuphedwa, ndalama zibwezedwa kapena tsiku lisinthidwa, ndipo palibe chimene chaonongeka. Ikakwana, iphedwa mbandakucha pa malo ovomerezeka, woyeza nyama aiona n'kudinda chidindo, iyezedwa pa sikelo anthu akuona, ndipo dzuwa lisanakwere akabaza anyamuka nayo m'mabokosi a ayezi. Mwini ng'ombe alandira ndalama yake tsiku lomwelo, kalabu ichotsapo kangachepe koyendetsera ntchito.

Otitsutsa akuti chiyani?

Oyamba akuti ntchito ya mlimi ndi kuweta, za malonda azisiyire odziwa. Mawu amenewa si achilendo. Ananenedwanso kwa alimi a mpunga. Koma alimi a kuno konkuno, kudzera m'bungwe lawo la KASFA pansi pa NASFAM, anafikitsa mpunga wa Kilombero m'masitolo a m'mizinda, mpaka unaoloka nyanja kukagulitsidwa ku Scotland kudzera ku bungwe la Just Trading Scotland. Alimi a khofi a m'mapiri a kumpoto kuno ali ndi Mzuzu Coffee. Ngati mlimi wa mpunga anatha kulemba dzina lake pa paketi, mlimi wa ng'ombe angalephere chifukwa chiyani? Kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo, amene amagaula munda wa mpunga ndi ng'ombe zomwezo.

Achiwiri akuti alimi akayamba kugulitsa okha nyama, matenda afala. Awa tiwamvere bwino, chifukwa nkhawa yawo ili ndi mutu. Tili m'malire, ndipo ziweto zimaoloka Songwe popanda wozifunsa chiphaso. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amafala msanga kwambiri: dziko la Britain, ndi chuma chake chonse, linapha ziweto zoposa 6 miliyoni mu 2001 pofuna kuwathetsa. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chimasesa khola lonse, ndipo kachilombo kake kamayenda ndi nyama yomwe. Nkhumba ya masese imapatsa munthu njoka za m'mimba, ndipo mazira a njokazo akalowa m'thupi la munthu amatha kuyambitsa khunyu. N'chifukwa chake dziko lino lili ndi malamulo a Control and Diseases of Animals Act ndi Meat and Meat Products Act, ndipo ife sitikupempha kuti achotsedwe.

Koma tifunse: nyama yoopsa ndi iti? Ndi imene yaphedwa usiku kuseri kwa nthochi n'kugulitsidwa ndi munthu wosadziwika kwawo, kapena imene yachokera ku kalabu yodziwika, yokhala ndi buku, nambala ya foni ndi chidindo cha woyeza? Wogula pa foni amadziwa khola kumene nyama yachokera. Akadwala amadziwa pogogoda. Ngakhale wakuba ng'ombe zimamuvuta pa msika umene chiweto chilichonse chili ndi chithunzi, mwini wake ndi kalata ya amfumu. Malonda a poyera amathandiza lamulo.

Achitatu ndi anzathu a m'misonkhano ya m'mahotela, amene akuti mlimi akangopatsidwa foni umphawi watha. Awanso tikutsutsana nawo. Foni siipha ng'ombe, siiyeza chiwindi, siiziziritsa nyama. Alimi ambiri, makamaka amayi, alibe foni ya intaneti, ndipo amene ali nayo bandulo imawathera pakati pa uthenga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa foni, wa mankhwala a ziweto ndi wa mafuta zonse zinakwera. Munthu mmodzi payekha sangazithe izi. Foni imodzi ya kalabu, sikelo imodzi, mabokosi awiri ndi mlembi wokhulupirika zingatumikire mabanja makumi atatu. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene tikufuna

Choyamba, khonsolo ya Karonga ionetsetse kuti pa malo aakulu a malonda a m'dera lino pali malo ophera ziweto a simenti, a denga, a madzi oyera ndi dzenje lotayira zonyansa. Makhonsolo amatolera ndalama m'misika tsiku ndi tsiku. Gawo la ndalamazo libwerere kwa olipira.

Chachiwiri, nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto pamodzi ndi Karonga ADD ziike masiku odziwika amene woyeza nyama azipezeka pa malo alionse, ndipo azipatsidwa choyendera. Ife amene tinagwirapo ntchito ya ulangizi tikudziwa kuti mlangizi mmodzi amasenzetsedwa midzi yambirimbiri. Lamulo lofuna chidindo pamene wodinda sapezeka limakankhira anthu oona mtima kutchire.

Chachitatu, ndalama zolipira pophera, poyezetsa ndi potenga chilolezo chosamutsira ziweto zilembedwe pa bolodi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, ndipo aliyense wolipira azilandira lisiti.

Chachinayi, pa msika uliwonse wa ziweto pakhale sikelo. Pamene sikelo palibe, alangizi aphunzitse makalabu kugwiritsa ntchito tepi yoyezera pachifuwa cha ng'ombe, imene imapereka chithunzi cha kulemera kwake. Ngakhale amene asankhe kugulitsabe kwa venda agulitse akudziwa chimene ali nacho.

Chachisanu, boma lisaiwale kuti msonkho pa foni ndi msonkho pa msika wa mlimi. Mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga ndi intaneti. Mu 2019 linafuna kudula 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni, koma anthu atalankhula mwamphamvu linabweza ganizolo. Phunziro lake n'lakuti kulankhula kumathandiza.

Chachisanu n'chimodzi, mabungwe amene amagawa mbuzi ndi nkhumba za ndondomeko yopatsirana asalekere pa khola. Kuchulutsa ziweto popanda msika n'kunenepetsa venda. Firiji imodzi ya magetsi a dzuwa pa kopaletivu ingasinthe zambiri kuposa maphunziro khumi a m'kalasi.

Nafenso tili ndi mbali yathu

Msika wa pa foni umaima pa chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro chikasweka sichimatika. Chiweto chodzifera kapena chodwala chisalowe pa malonda a kalabu, ngakhale chikhale cha wapampando. Chiweto chimene chabayidwa mankhwala chidikire masiku amene alembedwa pa botolo chisanaphedwe. Boma likatseka kayendedwe ka ziweto chifukwa cha mliri, nafe titseke malonda mpaka litatsegula. Kilogalamu ikhale kilogalamu, osati mafupa obisa pansi pa jumbo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Tichenjerenso ndi akamberembere a pa foni. Uthenga wonena kuti ndalama yalowa si ndalama. Mlembi aone yekha ndalama zimene zili mu akaunti nyama isanachoke, asauze munthu nambala yachinsinsi, ndipo buku la kalabu liziwerengedwa pamaso pa mamembala onse mwezi ndi mwezi. Makalabu okhwima alembetse ngati kopaletivu motsatira lamulo la makopaletivu la 1998, kuti athe kupangana malonda ndi masukulu kapena malo ogona alendo m'dzina lawo.

Ena maso ali kutsidya, ku Kasumulu ndi ku Kyela. Tikumbukire kuti nyama siiloledwa kuoloka malire popanda zilolezo, ndipo chipata chimatha kutsekedwa usiku umodzi, monga zinachitikira mu April 2025 pamene dziko la Tanzania linaletsa kwa masiku angapo zokolola zochokera ku Malawi. Tiyambe ndi msika umene tingaufikire pa njinga yamoto dzuwa lisanatenthe.

Choncho pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno nkhaniyi ikhale pamwamba. Werengani ziweto zimene mamembala akufuna kugulitsa m'miyezi itatu ikubwerayi. Lembani maina a ogula makumi awiri amene mukuwadziwa kale. Sankhani anthu atatu, mwa iwo mukhale mayi, akaonane ndi mlangizi wa ziweto komanso khansala wa dera lanu, atatenga zofuna zili pamwambazi. Yambani ndi mbuzi imodzi kapena nkhumba imodzi, muone mmene ziyendere, kenaka mubweretse zotsatira zake ku msonkhano wa bungwe kuti makalabu ena aphunzirepo. Palibe amene adzabwere kudzatiikira sikelo pakhola mwa chifundo chake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.